MWANA WOSINKHUKA AKAMANGOKHALA WOTOPA

Mawu Oyamba

Mwezi ndi mwezi inu amayi mumabwera kuno ku sikelo muli ndi mwana wamng'ono kumbuyo. Timamuyeza, timalemba kulemera kwake, timampatsa katemera, ndipo mukaona mzere wa m'buku lake ukukwera mtima wanu umakhala pansi. Zimenezi ndi zabwino ndithu ndipo pitirizani. Koma ambiri a inu mwasiya kunyumba ana ena osinkhuka, a zaka 13 mpaka 19, amene sabweranso ku sikelo ndipo palibe amene amawayeza. Phunziro la lero likunena za iwowa.

Kawirikawiri timamva makolo akudandaula kuti, "Mwana wanga wayamba ulesi. Kumunda sachedwa kukhala pansi, kusukulu amangosinza, ukamtuma amayenda ngati nkhalamba." Ena amamkalipira, ena amamkwapula, ena amammana chakudya kuti aphunzire. Tsono tisanamutche mwana dzina la ulesi, tiyenera kudzifunsa ngati sakudwala. Mwana waulesi amakana khasu koma mpira ukalira amathamanga. Mwana wodwala amalephera zonse ziwiri, ntchito ndi masewera omwe.

Kutopa Kwabwino ndi Kutopa Kokayikitsa

Munthu aliyense amatopa akalima, akasenza nkhuni kapena akayenda mtunda wautali. Kutopa kotero kumatha munthu akadya ndi kugona. Kutopa kumene tikunena pano ndi kwina. Mwana amadzuka m'mawa ali wotopa kale ngakhale wagona usiku wonse. Zimene ankachita mosavuta chaka chatha tsopano zikumkanika. Zikapitirira chotero kwa masabata awiri kapena atatu popanda chifukwa chooneka, dziwani kuti pali chimene chikumudya m'thupi kapena m'maganizo, ndipo chiyenera kufufuzidwa.

Msinkhu umenewu ndi wofunika kuusamala chifukwa thupi limakula mofulumira kwambiri, kuposa nthawi ina iliyonse kupatula pa ukhanda. Mafupa amatalika, minofu imakula, magazi nawo amachuluka kuti akwanire thupi lalikululo. Atsikana amayambanso kusamba. Chotero thupi limafuna chakudya chambiri ndi tulo tokwanira, ndipo kanthu kakang'ono kakasowa, mphamvu zimayamba kuchepa.

1. Kuchepa kwa Magazi

Ili ndi vuto loyamba kuliganizira, makamaka kwa atsikana. M'magazi muli chinthu chofiira chotchedwa haemoglobin chimene chimanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita nawo m'ziwalo zonse. Kuti thupi lipange chinthu chimenechi limafuna mchere wa ayironi wochokera m'zakudya. Ayironi akachepa, magazi amasuluka, mpweya sufika mokwanira m'minofu ndi mu ubongo, ndipo mtima umagunda mofulumira kuti ukwaniritse ntchito. Nchifukwa chake mwana amatopa, amachita wefuwefu pokwera kamtunda ndipo saphunzira bwino. Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika m'dziko muno m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi ndi atsikana atatu alionse a zaka 15 mpaka 49, mmodzi anali ndi magazi ochepa.

Zizindikiro zake ndi izi: chizungulire poimirira, mutu kuwawa kawirikawiri, mtima kuthamanga, phuma pogwira ntchito yochepa, ndi chilakolako chodya dothi. Mukhoza kumuona nokha mwana wanu masana powala. Tsitsani chikope cham'munsi ndi chala choyera, onani m'kati mwake, lilime, zikhatho ndi zikhadabo, ndipo yerekezani ndi za munthu wina wathanzi. Ngati m'malo mofiira muli moyererako, pitani naye kuchipatala. Kumeneko amatenga kadontho ka magazi pa chala. Nambala ikakhala yosafika 12 kwa mtsikana, kapena yosafika 13 kwa mnyamata wa zaka 15 kupita m'tsogolo, ndiye kuti magazi ndi ochepa.

Pali akuba anayi amene amatha magazi a ana athu.

Woyamba ndi kadyedwe koperewera. Nsima ya ufa woyera ndi ndiwo zochepa imakhutitsa mimba koma simanga magazi.

Wachiwiri ndi msambo wochuluka. Mtsikana akamasamba kupitirira masiku 7, kapena akamasintha nsalu pa ola lililonse kapena maola awiri alionse, kapena akamataya magazi oundana aakulu, amataya ayironi wambiri kuposa amene amadya. Atsikana ambiri sanena chifukwa cha manyazi, ndiponso sadziwa kuti anzawo sataya chotero. Ngati mwambo sukulolani kumfunsa nokha, tumani azakhali ake, agogo ake kapena anankungwi. Chachikulu ndi chakuti wina amfunse. Chipatala chili ndi mankhwala ochepetsa vutoli.

Wachitatu ndi njoka za m'mimba ndi likodzo. Pali mtundu wa njoka zing'onozing'ono zimene ana ake amakhala m'dothi lonyowa pamene anthu amachita chimbudzi patchire. Zimaboola khungu la phazi la munthu woyenda wopanda nsapato, ndi kukakhazikika m'matumbo momwe zimayamwa magazi tsiku ndi tsiku. Likodzo nalo limalowa pakhungu pamene mwana akusamba, kuchapa, kuwedza kapena kulima mpunga m'madzi odekha okhala ndi nkhono. Limapezeka kwambiri m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ku nyanja ya Chilwa, ku chigwa cha Shire ndi m'madambo ambiri. Ena amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Si zoona ayi. Amenewo ndi matenda, ndipo akakhalitsa amaononga chikhodzodzo ndi impso. Kwa atsikana amatha kuononganso njira ya chiberekero. Njoka zimaphedwa ndi albendazole kapena mebendazole, likodzo ndi praziquantel amene amamwedwa munthu atadya. Alangizi a zaumoyo akabwera kudzapereka mankhwalawa kusukulu, musamuletse mwana wanu kulandira.

Wachinayi ndi malungo. Tizilombo ta malungo timaswa timagulu tofiira ta m'magazi. Ana osinkhuka ambiri amakhala ndi tizilomboti popanda kutentha thupi kwenikweni, amangomva kufooka ndi mutu. M'mabanja ambiri masikito amapatsidwa kwa mayi ndi khanda, ana aakulu n'kumagona pamtetete kugowelo kapena kumphala. Aliyense m'banja agone m'masikito usiku uliwonse chaka chonse. Mwana akapezeka ndi malungo amalize mankhwala a LA masiku onse atatu, ngakhale atayamba kupeza bwino tsiku lachiwiri.

Za Mapiritsi Owonjezera Magazi

Akuchipatala akampatsa mwana mapiritsi a ayironi, amwe monga amuuzira. Magazi sabwerera sabata imodzi, kawirikawiri pamafunika miyezi itatu. Chimbudzi chimada ndipo ena amamva nseru masiku oyamba. Zimenezi zisamchititse mantha, angomwa atadya. Koma inu amayi a ana aang'ono mvetsani ichi: mapiritsi amenewa ndi oopsa kwa kamwana kakawapeza ndi kumeza ambiri, kakhoza kufa. Asungeni pamwamba pamene mwana sangafike. Dziwaninso kuti zakumwa zofiira za m'botolo siziwonjezera magazi. Kufiira kwake ndi utoto chabe, ndipo ndalama imeneyo ikanagula usipa kapena mazira.

2. Chakudya Chosakwanira

Mwana wa zaka 15 amene akukula, kuyenda kupita kusukulu ndi kuthandiza kumunda amafuna chakudya chofanana ndi cha munthu wamkulu, nthawi zina choposa. Komabe ana ambiri amachoka m'mawa osalawa kanthu ndipo amadya koyamba dzuwa litapendeka. Mwana wotero akasinza m'kalasi sitingamunene. Vutoli limakula m'miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi pamene nkhokwe zapepuka koma ntchito ya kumunda yachuluka.

Yesetsani kuti asachoke ndi njala. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lomwe lija timakuphunzitsani kuphikira ana aang'ono, ndi labwinonso kwa aakulu. Mbatata, chinangwa chophika, nthochi kapena mtedza wokazinga akhoza kunyamula. Pa tsiku mwana adyeko kuchokera m'magulu onse 6 a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta.

Zakudya zomanga magazi ndi usipa, matemba, kapenta, chiwindi, nyama, mazira, ngumbi, nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya, pamodzi ndi masamba obiriwira monga bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya ndi chigwada. Ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba amalowa bwino m'thupi munthu akadyera pamodzi ndi zipatso monga magwafa, malalanje, mango, mapapaya kapena malambe. Tiyi amaletsa ayironi kulowa, chotero asamwere pa chakudya, papite ola limodzi kapena awiri. Masamba musawaphikitse ndiponso chepetsani soda ndi chidulo chifukwa zimapha mavitamini ena. Pogawa ndiwo musaiwale mtsikana amene waphika. Iye ndiye amataya magazi mwezi ndi mwezi, ndipo ndiye mayi wa mawa.

3. Tulo Tochepa ndi Ntchito Yochuluka

Mwana wa msinkhu umenewu amafuna kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Pa nthawi ya kutha msinkhu thupi limasintha kotero kuti tulo timachedwa kubwera madzulo ndipo kudzuka m'mamawa kumavuta. Chimenechi ndi chilengedwe, si mwano. Tsono werengerani maola a mwana wanu. Ngati amagona 11 koloko usiku chifukwa cha foni, kanema wa pa msika kapena kuwerenga, ndipo amadzuka 4 koloko kukatunga madzi, kusesa ndi kutsuka mbale asanayende ulendo wa kusukulu, ndiye kuti wagona maola 5 okha.

Gawani ntchito zapakhomo mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana. Madzi akhoza kutungidwa madzulo. Ikani lamulo la nyumba lakuti foni izizimitsidwa nthawi yogona isanakwane. Mukakonza zimenezi kwa masabata awiri mwana n'kusintha, ndiye kuti mwapeza gwero. Akapanda kusintha, funani chifukwa china.

4. Matenda Obisala

Pali matenda ena amene amayamba mwakachetechete, chizindikiro choyamba n'kukhala kufooka.

Chifuwa chachikulu cha TB. Mwana amatsokomola masabata awiri kapena kuposa, amatuluka thukuta usiku, amatentha thupi madzulo, safuna kudya ndipo amaonda. Mukayikire kwambiri ngati m'nyumba munali wina wodwala chifuwachi. Chimachizika ndi mankhwala a miyezi 6 amene m'zipatala za boma ndi aulere.

Kachilombo ka HIV. Mu 2011 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka, ndipo kuyambira pamenepo ana obadwa nako anachepa. Koma alipo ana ena amene anatengera pobadwa kapena poyamwa ndipo sanayezedwepo. Ena a iwo amakula mpaka kusinkhuka, ali ofupikirapo kuposa anzawo, ochedwa kutha msinkhu, odwaladwala chifuwa, zilonda zapakhungu kapena kutsegula m'mimba. Ngati mayi kapena bambo ali ndi kachilombo, kapena mukulera mwana wamasiye amene simudziwa chimene chinatenga makolo ake, ana onse ayezedwe. Mwana amene ali kale pa ma ARV akayamba kufooka, funsani mwachikondi ngati akumwa tsiku lililonse, pakuti pa msinkhu umenewu ambiri amadumphitsa chifukwa choopa anzawo.

Matenda a shuga. Sagwira akuluakulu okha. Mwana amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi ngakhale usiku, ndipo amaonda ngakhale akudya kwambiri. Mtundu umene umagwira ana umakula msanga ndipo umafuna jakisoni wa insulini. Musadikire.

Matenda a mtima. Zilonda zapakhosi zimene sizinachizidwe bwino mwana ali wamng'ono zimatha kubweretsa kutupa kwa mfundo za miyendo ndi manja, kenaka n'kuononga zitseko za mtima. Patapita zaka mwana amayamba phuma, kulephera kugona chagada ndi kutupa mapazi. Akapezeka msanga amalandira jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi woteteza mtima kuti usaonongeke koposa. Apa pali phunziro la ana anu aang'ononso: zilonda zapakhosi zobwera ndi kutentha thupi zizionedwa kuchipatala.

Ena ndi matenda obadwa nawo a sikoselo, amene amadza ndi kuwawa kwa mafupa ndi maso achikasu, ndiponso vuto la chithokomiro, chimene nthawi zina chimaoneka ndi chotupa pakhosi. Gwiritsani ntchito mchere wa ayodini. Palinso kufooka kumene kumatsalira mwana atachira matenda aakulu monga tayifodi kapena COVID-19. Kumeneku kumatha pang'onopang'ono, ndipo mwana abwerere ku ntchito mosamkakamiza.

Mwana akafooka, kuonda kapena kutupa nkhope ndi miyendo, akuluakulu ena amati ndi tsempho kapena walodzedwa. Sitikunyoza makolo athu. Koma zizindikiro zomwezo ndi zimene zimaoneka magazi akachepetsetsa, mtima ukafooka kapena impso zikadwala. Nkhani za m'banja mukhoza kukambirana pambuyo, mwana ayambe wafika kuchipatala.

5. Pathupi

Mtsikana amene wayamba kutopa mwadzidzidzi, kugona masana, kuchita nseru m'mawa ndi kudzipatula akhoza kukhala ndi pathupi pamene iye mwini sakudziwa kapena akuopa kunena. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Nkhani yotere imapweteka mtima wa kholo, koma ukali ndi kumpirikitsa ndi zimene zimachititsa ana kumwa zinthu zoopsa mobisa ndi kutaya moyo. Mufunseni muli awiri. Ngati ndi zoona, ayambe sikelo ya amayi oyembekezera msanga, chifukwa thupi lake likadali kukula ndipo magazi ake amachepa mosavuta. Malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosafika zaka 18, ndipo akabereka ali ndi mwayi wobwerera kusukulu. Ngati wina anamgwiririra, pitani naye kuchipatala ndi ku polisi mosazengereza.

6. Katundu wa Mumtima

Maganizo nawo amatopetsa thupi. Mwana amene wafedwa, amene makolo ake akukangana kapena alekana, amene walephera mayeso, wasowa fizi, akunyozedwa ndi anzake kapena akuzunzidwa ndi munthu wamkulu, akhoza kudwala matenda a kukhumudwa. Sasangalala ndi zimene ankakonda, amadzitsekera m'nyumba, sachedwa kupsa mtima kapena kulira, amagona kwambiri kapena sagona konse, ndipo amadandaula mutu ndi m'mimba koma akamuyeza osapeza kanthu. Amenewa ndi matenda enieni ndipo ali ndi chithandizo.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wa msinkhu uwu saulula za kukhosi pa bwalo kapena akamafunsidwa ngati mlandu. Mutengeni popita kudimba kapena kuchigayo, mufunseni mofatsa, ndipo mumvetsere osamdula mawu. Akakana kulankhula ndi inu, pezani amene amamkhulupirira, kaya ndi atsibweni ake, azakhali, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti. Mwana akanena kuti kuli bwino kufa, musayese nthabwala. Musamsiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe pamene angafike, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Onaninso za mowa ndi chamba. Mnyamata kapena mtsikana amene wayamba zimenezi amagona masana, maso amafiira, ndalama zimasowa m'nyumba ndipo anzake amasintha. Kawirikawiri pansi pa khalidweli pamakhala vuto lina limene akulithawa.

Zoyenera Kuchita

1. Lekani kumkalipira, yambani mwamfunsa: kutopa kunayamba liti, akumva chiyani china, akudya ndi kugona bwanji.
2. Muoneni m'maso, lilime ndi m'zikhatho. Onani ngati zovala zayamba kumkhwepa.
3. Konzani chakudya, tulo ndi ntchito zapakhomo.
4. Pakatha masabata awiri osasintha, pitani naye kuchipatala pamodzi ndi buku lake. Musangomgulira mankhwala opha ululu kugolosale, chifukwa amabisa matenda.
5. Kuchipatala fotokozani zonse, ndipo mulole kuti ayezedwe magazi, malungo, mkodzo, chimbudzi, makhololo, shuga kapena HIV monga aonera adokotala. Mpatseni mpata wolankhula ndi adokotala kapena anamwino ali yekha.
6. Akamaliza mankhwala koma osachira, bwererani. Matenda ena sapezeka ulendo woyamba.

Zizindikiro Zofuna Kuthamangira Kuchipatala Tsiku Lomwelo

Kukomoka kapena kukomoka pothamanga; kubanika ngakhale atakhala pansi; kuwawa pachifuwa; zikhatho ndi maso kuyereratu; maso achikasu; kutupa nkhope kapena miyendo; kutsokomola magazi; kutaya magazi osaleka; kutentha thupi kwambiri ndi kuuma khosi; ludzu lalikulu pamodzi ndi kusanza ndi kupuma mofulumira; kusokonezeka mutu; ndi kulankhula zodzipha.

Mafunso Oti Mukambirane

1. Kodi mungasiyanitse bwanji mwana waulesi ndi mwana wodwala?
2. Tchulani akuba anayi a magazi. Ndi uti amene ali wofala m'mudzi mwanu?
3. Ndi zakudya ziti zomanga magazi zimene zikupezeka kwanu mwezi uno?
4. M'banja mwanu, ndani angafunse mtsikana za msambo popanda kumchititsa manyazi?
5. Kodi ana anu aakulu agona m'masikito usiku wathawu?

Kumbukirani

Kutopa kosatha si matenda pa kokha, koma ndi chizindikiro chakuti pali vuto. Zambiri zimene zimakuyambitsa, monga kuchepa kwa magazi, njoka, likodzo, malungo, njala ndi kusagona, zimachizika mosavuta zikadziwika msanga. Chimbudzi chabwino pakhomo, nsapato kumapazi, masikito usiku, madzi a pa mjigo ndi ndiwo zosinthasintha zimateteza banja lonse, wamng'ono ndi wamkulu yemwe. Mtsikana amene wakula ndi magazi okwanira adzabereka bwino nthawi yake ikadzakwana, ndipo mwana wake adzabadwa wolemera bwino.

Mukafika kunyumba lero, muitaneni mwana wanu wamkulu, mumuone m'maso ndi m'zikhatho, ndipo mumfunse mmene akumvera m'thupi. Zimene mwaphunzirazi kauzeniko abambo a kunyumba ndi amayi anzanu amene sanabwere, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati muli ndi funso, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena anamwino pa sikelo ya mwezi wamawa.